Salimo la pa manda a bambo

Ndidadzuka kunja kusanache, nditatsamira mtengo wa mapeyala umene uli kuseri kwa nyumba ya mayi. Moto umene amuna tidachezera udali utatsala makala okha, ndipo jekete langa lidali litanyowa ndi chiperoni. M'nyumba ya siwa, momwe mudagona thupi la bambo anga, amayi a mpingo adali akuimbabe, koma motsitsa, ndi mawu osasa a anthu amene sadapume. Nyimbo ikadukiza ndinkamva azakhali anga, mlongo wa bambo, akulira m'Chilomwe. Iwo adafika dzulo lake wapansi kuchokera kutsidya kwa malire. M'nkhani ino sinditchula dzina la munthu aliyense, ngakhale la mudzi wathu, ndipo owerenga adziwa okha chifukwa chake.

Chimene chidandidzutsa sichidali chisanu. Nditangofika kuchokera ku koleji ya aphunzitsi, mayi adandiitanira m'chipinda nandiuza mawu amene bambo adasiya ali pa mphasa. Adafuna kuti pa manda pawo ndidzawerenge ine, ndipo ndidzawerenge salimo limene iwo ankalikonda, limodzi mwa a kumapeto kwa buku la Masalimo. Salimolo ndinkalidziwa bwino. Limayamba ndi kulemekeza Mulungu, ndipo pamenepo palibe angaipidwe. Koma mizere iwiri yotsatira imachenjeza munthu kuti asaike chikhulupiriro chake mwa akalonga, pakuti nawonso ndi anthu: mpweya ukawachokera amabwerera kudothi, ndipo zolinga zawo zimatha tsiku lomwelo. Masiku ano pa wailesi, m'nyimbo ndi pa nsalu za amayi pali munthu mmodzi yekha, ndipo tonse timamutcha wamuyaya. Anzanga ena a ku koleji adatengedwa ndi galimoto yopanda chizindikiro chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa, ndipo mabedi awo akadali opanda munthu. Ine ndine mwana wamwamuna ndekha. Nditatengedwa, mayi ndi alongo anga ang'onoang'ono akadaika munthu mmodzi ndi kutaya awiri.

Bambo sadali munthu wa ndale. Khadi lawo la chipani linkakhala m'thumba la malaya monga la wina aliyense. Adali kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti, ndipo salimolo adaliphunzira kwa bambo awo, amene adathawa ntchito yokakamiza m'dziko la Apwitikizi mbendera yathu isanabadwe. Lachitatu lililonse, anthu akaweruka, bambo ankapita kumalaini, kunyumba za antchito, kukaphunzitsa Malembo. Ambiri kumeneko sadziwa kuwerenga, choncho bambo adali ndi njira yawo. Ankawerenga mzere umodzi, anthu n'kubwereza. Sankapitirira mpaka onse atabwereza, ndipo sankalola munthu kutsogolera wowerenga.

Ndili mwana ndidawafunsa chifukwa chimene ankalikhulupirira bukulo chotere. Adandiyankha kuti buku longopekedwa ndi anthu likadayamikira mafumu a anthuwo, koma ili limaulula machimo a mafumu ake omwe. Ndipo ngati siliopa mfumu, iwo sankaona chimene lingawanamizire. Kawirikawiri ankatinso: "Tiyi timathyola nsonga, masamba awiri ndi kamphukira, zotsalazo n'kuzisiya. Malembo si tiyi. Mulungu anauzira onse, owawa ndi okoma omwe." Ku koleji ndidaphunzira kuti bukulo lidalembedwa ndi manja ambiri m'mibadwo yotalikirana, ndipo zimenezi zidangowonjeza kudabwa kwanga kuti manja ambiri chotere adaloza kumodzi. Ndinkakhulupirira, ndipo ndikukhulupirirabe. Koma mmawa umenewo ndidazindikira kuti kuvomereza buku uli m'kalasi n'kwina, kuliwerenga pamaso pa anyamata a chipani n'kwinanso.

Kutayamba kuyera, phiri silidaoneke. Nkhungu idalikwirira mpaka m'tsinde. Amayi a m'mudzi adakoleza moto m'mbali mwa dimba la nthochi, ndipo nkhuni zonyowa zidatulutsa utsi umene udakana kukwera, n'kumangoyendayenda pakati pa anthu. Kalongonda, nyemba ya kwathu, adali atawira usiku wonse m'migolo, ndipo tsopano ankamutsanula madzi. Atsikana ankabwera ndi ndowa kuchokera kumtsinje, mapazi atafiira ndi matope. Adzukulu adadutsa pafupi nane ndi makasu awo akupita kukakumba. Iwo okha ali ndi ufulu woseka pa maliro, ndipo sadausiye.

"A koleji, tabwerani mugwireko khasu," adatero mmodzi. "Kapena manja anasanduka a choko?"

"Asiyeni," adayankha mnzake. "Iwo akumba ndi Chingerezi."

Ndidayesa kumwetulira. Pakhonde padali bokosi limene ocheka matabwa a ku Likhubula adabwera nalo usiku, la mkungudza, ndipo fungo lake lidalowa paliponse.

Anthu adayamba kufika dzuwa lisanaboole nkhungu. Pamsewu padali pataikidwa masamba, ndipo okwera njinga ankatsika akafika pamenepo, zipewa zili m'manja. Amayi ankayamba kulira akakhota pa njira yolowera kwathu, ndipo a m'nyumba ankawalandira ndi kulira kwina. Thirakitala ya ku esiteti idabweretsa othyola tiyi odzaza ngolo, ena atafunda matumba kumutu chifukwa cha mvula. Ambiri ndidawazindikira: adali anthu a kalasi la bambo la Lachitatu. Adandigwira dzanja mmodzimmodzi osanena zambiri.

Pambuyo pawo padafika a tcheyamani a nthambi ya chipani, munthu wamtali wa imvi za m'mbali, atanyamula ambulera yakuda. Nawo padali anyamata a malaya ofiira. Anthu adawapatsa benchi la kutsogolo, ndipo macheza a amuna adatsika ngati nyali yothera mafuta. Anyamatawo sadakhale pansi. Adaima kumbuyo kwa benchi, maso akuyenda pa nkhope za anthu, ndipo pa nkhope yanga adakhalitsapo. Wophunzira wa ku koleji amadziwika ndi nsapato.

Mwambo usanayambe, mkulu wa mpingo wathu adandikodola, tidapita kuseri kwa nkhokwe. Ndi bambo wofatsa, mnzawo wa bambo kuyambira unyamata, ndipo amanditcha mphunzitsi ngakhale sindinamalize.

"Aphunzitsi, za salimo zija ndikuzidziwa. Ndinalipo pamene malemu ankanena."

"Inde, bambo."

"Alendo athu mwawaona?"

"Ndawaona."

"Mukafika pa mizere iwiri ija, dumphani. Mulungu akudziwa zimene analemba, sachita kukumbutsidwa. Palibe ati azindikire."

"Bambo akanazindikira."

"Bambo anu apuma. Ovutika ndi amoyo." Adayang'ana pansi. "Mwana wanga uja ananena zochepa kuposa izi, pa msika wa Chinakanaka. Mvula yagwa, yakata, yagwanso. Sitikudziwa ndende yake."

Sindidawaweruze. Pobwerera ndidapeza njira imene ndidaiona ngati yanzeru. Sindikadadumpha, pakuti kumeneko kukadakhala kuthyola nsonga. Koma pofika pa mizere iwiriyo ndikadatsitsa mawu ndi kufulumira, kuti mvula ndi kulira kwa amayi zindiphimbe. Mulungu akadamva, bambo akadakhutira, ndipo anyamata a malaya ofiira sakadamva kanthu. Pa maliro wowerenga amawerenga yekha, anthu ali chete. Ndidadalira zimenezo.

Tidaona nkhope, ndipo bokosi lidakhomedwa. Amalume anga adafotokoza matenda mwachidule, monga eni mbumba. A tcheyamani adalankhula nthawi yaitali kuposa onse. Adayamikira bambo chifukwa cha khama lawo, kenaka adathokoza mtsogoleri wa dziko chifukwa cha mtendere umene umatilola kuika akufa athu mosaopa kanthu. Anthu adavomera monga timavomerera nthawi zonse. Mkulu wa mpingo adalalikira za nyumba ya kumwamba, ndipo adasankha mawu ake ngati munthu woyenda pa miyala yoterera.

Njira ya kumanda imadutsa m'mphepete mwa munda wa tiyi. Ndi yopapatiza, choncho tidayenda motsatana, amuna akulandirana bokosi pa mapewa osaima. Chiperoni chidali chikuwazabe. Masamba a tiyi adatinyowetsa mpaka m'chiuno, ndipo matope ofiira adalemera kunsi kwa nsapato zanga. Amayi ankaimba kumbuyo. Mayi anga ankayenda atagwiriziridwa mbali zonse ndi azakhali ndi mayi wina wa mpingo. Ine ndidapanira m'khwapa Baibulo la bambo, limene adalikuta ndi chidutswa cha epuloni ya othyola tiyi kuti lisanyowe. Nditacheuka kamodzi ndidaona ambulera yakuda ikubwera pamwamba pa mitu ya anthu, ndi malaya ofiira pambuyo pake. Sindidacheukenso.

Manda athu ali m'kankhalango ka mitengo yakale. Adzukulu adatsitsa bokosi ndi zingwe, natuluka m'dzenje. Nyimbo idatha. Mkulu wa mpingo adandiyang'ana, nagwedeza mutu pang'ono, ndipo m'maso mwawo mudali pempho lija. Ndidaima kumutu kwa manda. A tcheyamani adali tsidya lina la dzenje, moyang'anana nane.

Ndidawerenga mzere woyamba momveka bwino, liwu lililonse m'malo mwake, monga timaphunzitsidwira. Ndidakoka mpweya kuti ndipitirire. Ndisanatsegule pakamwa, mzere uja udabwerera kwa ine kuchokera m'khamu, wolemera, wa mawu ambiri. Othyola tiyi adali atabwereza. Adaona Baibulo la bambo, adamva salimo la bambo, ndipo pakamwa pawo padachita chimene padazolowera Lachitatu lililonse. Palibe adawauza, ndipo sindikhulupirira kuti adaganizapo. Mzere wachiwiri adabwereza pamodzi ndi amayi a mpingo ndi anthu a m'mudzi.

Ndidazindikira zinthu ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, anthuwa ankalidziwa salimolo, ndipo ndikadadumpha akadadziwa onse. Chachiwiri, chilichonse chimene ndikadanena chikadakuzidwa ndi khamu lonse. Komabe mantha saganiza msanga. Ndidachita monga ndidakonzera: ndidaweramira m'buku, ndipo mzere wa akalonga ndidaunong'ona mofulumira.

Padali zii. Madontho ankagwa kuchokera m'masamba kugwera pa bokosi. Amene adali pafupi adayamba kubwereza, koma adaleka ataona kuti ali okha. Kenaka kumbuyo kudamveka mawu a mayi wina wachikulire, wothyola tiyi, mawu opanda chinyengo chilichonse.

"Kwezani mawu, aphunzitsi. Kuno sitinamve. Tibwereza chiyani?"

"Malemu sankameza mawu," adawonjeza mdzukulu wina, atatsamira khasu.

Ndidakweza maso. A tcheyamani adali akundiyang'ana. Mmodzi wa anyamata aja adali atasendera kutsogolo. Mkulu wa mpingo adali atatsinzina. Mayi anga adali atakhala pansi pa dothi lonyowa, ndipo iwo sadandiyang'ane, ankayang'ana bokosi. Ndidaganiza za bedi langa la ku koleji lili lopanda munthu. Ndidaganizanso kuti mawuwa sadali anga, kuti adalipo ine ndisanabadwe, chipani chisanabadwe, Apwitikizi asanafike, ndipo kuti ntchito yanga idali yongowatulutsa monga adalembedwera. Sindinganene kuti mantha adachoka. Ndidawerenga ndili nawo, mokweza.

Woyamba kubwereza adali mayi anga, ndi mawu osasa. Azakhali adatsatira, m'Chichewa chawo cholemera ndi Chilomwe, kenaka othyola tiyi, kenaka manda onse. Mawu amene ndidafuna kuwabisa pakhosi adatuluka m'nkhalango nakafika m'munda wa tiyi. Mzere wonena za mpweya wochoka ndi kubwerera kudothi anthu adaubwereza akuyang'ana m'dzenje, ndipo palibe akadautsutsa pamalo pamenepo. A tcheyamani adali atatsitsa ambulera mpaka kubisa maso. Ndidaona chibwano chawo chikugwedera, koma sindinganene motsimikiza kuti ankabwereza.

Ndidapitirira, chifukwa kubwerera kudalibe. Salimolo limanena za Mulungu amene adalenga kumwamba ndi dziko, amene amasunga choonadi nthawi zonse, amene amaweruzira otsenderezedwa ndi kudyetsa anjala. Ndidali nditaiwala, chifukwa choopa mizere iwiri ija, kuti patsogolo pali wina wonena kuti iye amamasula am'ndende. Nditauwerenga, liwu limodzi lidatsogola onse, losweka ngati la mwana. Lidali la mkulu wa mpingo. Pa mzere wa amasiye ndi ana awo, losweka lidali langa. Salimo limatha ndi kunena kuti ufumu wosatha ndi wa Mulungu. Anthu adabwereza, ndipo ndidatseka buku.

Adzukulu adakwirira. Tidaika nkhata za maluwa, tidapemphera, tidabwerera. Panjira palibe adandiyandikira, ndipo palibe adandidzudzula. Anthu ankayenda ngati odzidzimuka kutulo, aliyense akuyang'ana mapazi ake. Pakhomo padali mabeseni a madzi osamba m'manja. Ndikusamba, ndidamva dzanja paphewa. Adali mnyamata wa malaya ofiira uja, ndipo adati a tcheyamani akundifuna pa mtengo wa mapeyala.

Mnyamatayo ndiye adayamba kufunsa. "Zija mumawerenga zija, ndi za m'buku kapena za ku koleji?"

Ndidatambasula Baibulo ndi manja awiri. A tcheyamani adalilandira, natuma munthu kukabwereka la mkulu wa mpingo. Adawatsegula onse awiri pa bondo, ine nditagwira ambulera, nayendetsa chala pang'onopang'ono, mzere wa uku, mzere wa uko. Chala chidaima pa mizere iwiri ija kwa nthawi imene kwa ine idakhala ngati chaka.

"N'chimodzimodzi," adatero. "Anasankha ndani?"

"Malemu, bambo."

Adatembenukira kwa mnyamata uja. "Wamva? Anasankha ndi malemu, analemba ndi Mulungu. Ukufuna ukatenge uti?"

Mnyamatayo sadaseke. Adandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumaso, ngati munthu wosunga chinthu m'mutu.

"Pita ukadye," adatero a tcheyamani. Atachoka, adandibwezera buku, nalankhula osandiyang'ana. "Ine salimo limeneli ndinaliphunzira kumalaini ndikuvala kabudula. Bambo anu anandibwerezetsa mpaka ndinalira. Koma anyamatawa sauza ine ndekha zimene amva. Mawa mukwere basi yoyamba pa Chitakale. Ku kolejiko mukayende ngati nkhuku yachilendo."

Adalandira ambulera yawo, napita kukapepesa mayi monga wina aliyense.

Anthu adadya, nayamba kubalalika. Thirakitala idabwerera ndi othyola tiyi. Mayi wachikulire uja, pokwera, adandiuza kuti ndimawerenga bwino koma ndiziyamba ndatsuka kukhosi. Masamba adachotsedwa pamsewu. Madzulo nkhungu idang'ambika pang'ono, ndipo phiri lidaoneka lakuda, lonyowa, mitsinje yoyera ikutsika m'mapanga. Azakhali adandikokera pambali nandiuza kuti njira ya kutsidya akuidziwa, ndipo akhoza kundiwolotsa kusanache. Ndidawathokoza, koma ndidakana. Ndikadathawa, ndikadavomereza kuti mawu aja adali anga.

Kutada, m'nyumba mudakhala chete wa mtundu umene sindidaumvepo. Abale otsala adali kukhitchini, akulankhula monong'ona. Alongo anga adagona atavala. Mipando idali ikadali panja, ndipo pabalaza padatsala mphasa, nyali ya koloboyi ndi fungo la mkungudza. Chikwama changa chidali chomangamanga pafupi ndi chitseko. Jekete la bambo lidali pa msomali wake.

Kumsewu kudamveka injini. Mayi ndi ine tidayang'anana. Kuwala kudayenda pa khoma, kudafika pa jekete, kudadutsa. Idali lole ya ku esiteti yopita kufakitale ndi masamba a madzulo. Tidadikira mpaka phokoso litazimirira, ndipo ngakhale pamenepo makutu anga adatsala kumsewu.

"Tenga buku," adatero mayi.

Ndidalitenga, ndidasendeza nyali. Ndidafunsa ngati ndiyambire pa mzere wa amasiye, poganiza kuti ndiwo adaufuna.

"Yamba poyamba. Bambo ako sankathyola nsonga."

Ndidayang'ana chitseko, kenaka tsamba. Ndidawerenga mzere woyamba, ndipo mayi adabwereza.